Guwa la mpingo likongoletsedwe ndi manja a mpingo wonse

Chaka chilichonse, Disembala akamayandikira, m'matchalitchi ambiri a m'tauni ngakhalenso ena akumudzi mumatsitsidwa katoni yomwe yakhala miyezi khumi ndi umodzi pamwamba pa kabati m'chipinda chovaliramo abusa kapena ansembe. M'katonimo mumatuluka mtengo wa pulasitiki wothyoka nthambi ziwiri, timipira tonyezimira, timagetsi tophethiraphethira tomwe theka lake lidapsa kale, ndi thonje lomwe amalimwaza panthambi kuti lioneke ngati chipale chomwe chimagwa ku Ulaya. Anthu atatu kapena anayi a komiti yokongoletsa amagwira ntchitoyi Loweruka madzulo, ndipo Lamulungu m'mawa akhristu amangopeza zonse zili m'malo mwake, monga momwe oitanidwa amapezera holo ya ukwati. Panja mvula ikuvumba, chimanga chikumera, ngumbi zikuuluka, anthu alowa ndi matope kunsapato, koma kutsogolo kwa tchalitchi kuli nyengo yachisanu ya dziko lomwe ambiri a ife sitidapondeko.

Sindikunyoza a komiti, pakuti nthawi zambiri amakhala amayi omwewo omwe amasesa, kukolopa, kuchapa nsalu za paguwa ndi kuthyola maluwa kunyumba kwawo popanda wowathokoza. Chomwe ndikutsutsa ndi chizolowezi chomwe chidakhazikika choti zooneka ndi maso m'nyumba yopemphereramo ndi nkhani ya anthu ochepa ndi ndalama, pamene mpingo wonse gawo lake ndi kungoyang'ana. Pa kuimba tidakana kale zimenezi, ndipo kwaya ikamaimba yokha nyimbo zomwe anthu sakuzidziwa, akhristu amadandaula potuluka. Ganizo langa ndi lakuti pa nyengo zikuluzikulu za mpingo, monga Adiventi, Khrisimasi, Lenti, Pasaka ndi Pentekoste, mpingo uzikhala ndi chinthu chimodzi chopangidwa ndi manja a anthu ake onse, chokula pang'onopang'ono Lamulungu lililonse, ndiponso chopangidwa ndi zinthu zomwe nyengo yathu kunoko ikutipatsa.

Chodabwitsa ndi chakuti zinthu zomwe lero timazigula m'sitolo zidayamba momwemo, ndi anthu omwe ankagwiritsa ntchito zomwe adali nazo pafupi. Nkhata ya makandulo ya Adiventi idayamba mu 1839 mumzinda wa Hamburg ku Germany, pomwe mbusa wina wachilutera, Johann Hinrich Wichern, ankalera ana osauka panyumba yotchedwa Rauhes Haus. Anawo ankamufunsa tsiku ndi tsiku kuti Khrisimasi ifika liti, ndipo iye adatenga gudumu lakale la ngolo naikapo makandulo, anayi akuluakulu oimira masiku a Lamulungu ndi ena ang'onoang'ono oimira masiku a m'kati mwa sabata, kuti tsiku lililonse aziyatsa imodzi ndipo ana aziwerenga okha masiku otsala. Ku Hamburg mu Disembala dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5 koloko madzulo, choncho kuwala komwe kunkawonjezeka tsiku ndi tsiku kunkalankhula ndi mdima womwe anawo ankauona pawindo. Khola la Khrisimasi nalonso lidayamba chimodzimodzi. Mu 1223, Fransisko wa ku Assisi adapempha munthu wina wa m'mudzi wa Greccio ku Italy kuti akonze modyera ziweto, aikemo udzu, abweretse ng'ombe ndi bulu zamoyo, ndipo anthu a m'midzi yozungulira adabwera usiku atanyamula miuni ndi makandulo. Padalibe zidole zogula, pakuti udzu, ziweto ndi moto zonse zidachokera m'makomo mwa anthu omwe adabwera kudzapemphera. Ife tidatengera gudumu ndi khola monga zidaonekera pamapeto pake, koma nzeru yomwe idazibala, yoyang'ana zomwe zili pakhomo ndi kufunsa chomwe anthu akudikira, tidaisiya komweko.

Chikhala tidatenga nzeruyo, bwenzi titaona kuti kalendala ya mpingo ikugwirizana ndi chaka chathu cha ulimi mwina kuposa momwe imagwirizanirana ndi chaka cha ku Ulaya. Adiventi, nyengo yodikira, imafika kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, pamene mlimi wagalauza, wakonza mizere, ndipo maso ali kumwamba kudikira mvula yobzalira, kapena wabzala kale ndipo akudikira kuti mbewu iboole nthaka. Palibe m'Malawi wakumudzi yemwe afunika kumuphunzitsa tanthauzo la kudikira chinthu chomwe sangachifulumizitse. Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti, nyengo yosala yokonzekera Pasaka, limagwa pakati pa 4 Febuluwale ndi 10 Malichi, ndiye kuti Lenti imayamba m'kati mwenimweni mwa miyezi ya njala, nkhokwe zitapepuka, mtengo wa ndowa ya chimanga utakwera, mabanja ena akudya kamodzi patsiku osati chifukwa chosala koma chifukwa chosowa. Pasaka, yemwe amagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, amatipeza tikuotcha dowe, tikuphika maungu ndi kukumba mtedza wauwisi. Mbewu yomwe idakwiriridwa m'nthaka ndi kuoneka ngati yatayika yabala zipatso, ndipo mlaliki safunika kufunafuna chitsanzo kutali. Ndi chuma chotere m'manja, n'zomvetsa chisoni kuti mphika wadothi wobzalamo chimanga pa Lamulungu loyamba la Adiventi, womwe ana angamauthirire ndi kuona mmera ukutalika mpaka pa Khrisimasi, umaoneka wachimidzi, pamene thonje loyerekeza chipale limaoneka lachikhristu.

Ku Ulaya kudali mwambo wakale wopachika chinsalu chachikulu chotchinga guwa m'nyengo ya Lenti, kuti maso nawonso asale kuona ulemerero wa malo oyerawo mpaka Pasaka. Mumzinda wa Zittau ku Germany akusungabe chinsalu chotere cha m'chaka cha 1472, chotalika kupitirira mamita 8, chokhala ndi zithunzi 90 za nkhani za m'Baibulo. Ajeremani ankachitchula ndi dzina lotanthauza nsalu ya njala, ndipo bungwe lachikatolika la Misereor lidautsitsimutsa mwambowu mu 1976, pomwe lidapempha mmisiri wa ku India, Jyoti Sahi, kuti ajambule nsalu yoyamba. Dzina limenelo lidandikhudza kuyambira tsiku lomwe ndidalimva, chifukwa kwa iwo njalayo ndi yochita kusankha, pamene kwa ife Lenti ndi njala zimabwera mwezi umodzi, tifune tisafune.

Dzina lomwelo ndi lomwe lidatipatsa maganizo pa tchalitchi china chaching'ono chomwe ndidapempherako zaka zingapo. Tidagwirizana kuti banja lililonse libweretse kachidutswa ka nsalu kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu, kochokera pa chovala chomwe chidavalidwapo, osati chatsopano, ndipo Lamulungu lililonse la Lenti mphakati umodzi uzitsalira mapemphero akatha kuti usokerere zidutswa zake pa chinsalu cha mtundu wa pepo chomwe tidapachika pa nsungwi kumbuyo kwa guwa. Sabata yoyamba chinsalucho chidaoneka chochititsa manyazi. Padali tizigamba khumi ndi tiwiri tokha pakona, tina topendekeka, ulusi woyera uli poonekera, ndipo mkulu wina wa mpingo adandinong'oneza kuti alendo akabwera aganiza kuti tayanika bulangete la amisala. Ndidangoseka, koma mumtima ndidagwirizana naye.

Sabata yachitatu kudabwera agogo ena omwe nthawi zonse ankakhala pamkeka kumbuyo, omwe sindidawamvepo akulankhula pamsonkhano uliwonse wa mpingo. Adamasula mfundo ya pachitenje chawo, pomwe ena amamangapo ndalama ya chopereka, natulutsa kansalu kobiriwira kofwifwa, ka yunifolomu ya sukulu ya pulaimale. Maso awo sadali kuona bwino bowo la singano, choncho mnyamata wina wa kwaya adagwada pambali pawo nawalowetsera ulusi. Atayamba kusoka adanena, osayang'ana munthu aliyense, kuti, “Aka n'ka mdzukulu wanga uja tidaika mwezi wa khumi.” Mnyamatayo adafunsa motsitsa mawu kuti, “Agogo, ndikuthandizeni kusokako?” Iwo adapukusa mutu, nasoka okha mpaka kumaliza, misoko yaitaliitali yokhotakhota, kenako adaphatika chikhatho pakansaluko kwa kanthawi nabwerera pamkeka pawo. Kuyambira tsiku limenelo zidutswa zidayamba kubwera zambiri, ndipo chilichonse chidali ndi mwini wake wodziwa chomwe chikunena: kolala ya shati ya bambo yemwe adapita ku Joni ndipo sadamvekenso, chidutswa cha chitenje cha chipani chomwe mwini wake adati akufuna kusiya udani ndi mnansi wake, kachigamba ka ovolosi ya munthu yemwe ntchito idamuthera. Pofika Lachisanu Loyera, chinsalu chidadzaza, ndipo mkulu uja wa bulangete la amisala ndi yemwe adakwera pabenchi kukachikonza kuti chilunjike, shati yake yakale ili pakati pomwepo.

Sindinganene kuti chinsalucho chidasanduka chokongola monga momwe wojambula waluso angachionere. Koma ndidaona anthu akuyang'ana kutsogolo nthawi ya ulaliki mosiyana ndi momwe amayang'anira maluwa a pulasitiki, chifukwa aliyense ankafunafuna pomwe pali kachigamba kake, ndipo pochipeza ankaonanso ka mnzake komwe kadalumikizana nako. Tidamva kambirimbiri kuti mpingo ndi thupi limodzi la ziwalo zambiri, koma sabata zisanu ndi imodzi zija mawuwo adali pakhoma, osokedwa ndi ulusi wa mitundu yosiyanasiyana. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican wachiwiri udanena mu 1963 kuti akhristu onse azitengako mbali mokwanira pa chipembedzo, ndipo ambiri tidamva zimenezi ngati nkhani ya chilankhulo, ng'oma ndi kuyankha mapemphero basi. Agogo aja sankatha kuwerenga, sadali mu kwaya, ndipo sakadaimirira kutsogolo kupereka umboni, koma singano ankaidziwa, ndipo singanoyo idawapatsa malo omwe mabuku ndi maikolofoni sizidawapatsepo.

Tidalakwitsanso zina, ndipo ndizitchule kuti ena asadzagwe m'dzenje lomwelo. Chaka chotsatira, potengeka ndi momwe zidayendera, tidati aliyense alembe tchimo kapena cholemetsa chake pakapepala ndi kukakhoma pamtanda wamatabwa. Tidaiwala kuti pamudzi anthu amadziwana zolemba, ndiponso kuti ana amatsalira m'tchalitchi akuluakulu akatuluka. Isanathe sabata, nkhani ya banja lina idali pamjigo, ndipo mayi wa m'banjamo adasiya kubwera kwa miyezi ingapo. Tidaiwalanso kuti pafupifupi aliyense wa pamkeka paja sakadatha kulemba, choncho ntchito yomwe tidati ndi ya onse idasanduka ya opita kusukulu okha. Kansalu kamasunga chinsinsi cha mwini wake, pamene pepala limaulula, ndipo aliyense wokonza ntchito yotere ayenera kudzifunsa asanayambe ngati munthu wamanyazi, wosaona bwino, wosadziwa kulemba kapena wosauka kwambiri angathe kutengako mbali popanda kuchita manyazi. Chinthu chofuna kuti munthu agule kanthu kusitolo chalephera kale mayeso amenewa.

Otsutsa ganizoli ali ndi mfundo zomveka. Yoyamba ndi yakuti nyumba ya Mulungu iyenera kupatsidwa zabwino koposa, osati zoyeserera za anthu osadziwa luso. Ndikuvomereza theka la mfundoyi, ndipo theka limenelo ndi lofunika kwambiri. Buku la Eksodo, pa mitu 35 ndi 36, likufotokoza momwe chihema chokumanako chidapangidwira: amuna ndi akazi adabweretsa ndolo, mphete, zikopa ndi matabwa, akazi aluso adapota thonje ndi ubweya wa mbuzi ndi manja awo, mpaka Mose adachita kulengeza kuti anthu aleke kubweretsa chifukwa zidachuluka kuposa zofunika. Komabe zonsezo sizidangounjikidwa pamodzi, pakuti padali Bezaleli ndi Oholiabu, amisiri otchulidwa maina, omwe adapatsidwanso nzeru yophunzitsa ena. Ntchito ya anthu onse imafuna mmisiri mmodzi kapena awiri oika malire, onena kukula kwa chidutswa, mitundu yomwe ingagwirizane, pomwe chinthucho chidzaima ndi momwe chidzaonekere kwa munthu wokhala kumbuyo. Chinsalu chathu chidapulumuka chifukwa telala wina wa mumpingo adajambula ndi choko mzere wa mtanda pakati nalamula kuti zidutswa zowala zipite m'kati mwa mzerewo ndipo zakuda zipite kunja, kotero kuti mtanda udayamba kuoneka wokha sabata yachinayi popanda munthu woujambula. Amisiri oterewa tili nawo m'mipingo yonse, osoka, oluka mphasa ndi malichero, oumba mbiya, osema mitondo ndi zitseko, olemba zikwangwani za magolosale, ndipo ambiri sadapemphedwepo kanthu ndi mpingo wawo kupatula ndalama ya Pepala Sande. Ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni mu 1976, osema a m'midzi yozungulira adaonetsa kalekale kuti nkhani za m'Baibulo zingathe kuvala nkhope, zovala ndi mitengo ya kwathu popanda kuchepa ulemu. Mpingo ukapeza mmisiri wotsogolera ntchito yotere, umulipire kapena umuthokoze moonekera, chifukwa chizolowezi chathu cholipira wobwereketsa nsalu za dekoresheni koma kuyembekezera kuti wosema agwire ulere n'chimodzi mwa zomwe zimathamangitsa aluso m'mipingo.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa abale a mipingo ya chikonzedwe, monga CCAP, omwe makolo awo m'chikhulupiriro adachotsa mafano ndi zithunzi m'matchalitchi, monga zidachitikira mumzinda wa Zurich ku Switzerland mu 1524, poopa kuphwanya lamulo lachiwiri. Mantha amenewa si opanda pake, makamaka masiku ano pamene anthu ena akugulitsidwa madzi, mafuta ndi zomata za pagalimoto ngati kuti muli mphamvu. Koma mphika wa chimanga, chinsalu cha zigamba kapena mphasa yolukidwa ndi mabanja makumi asanu si chifaniziro cha Mulungu, ndipo palibe amene angagwadire chinthu chomwe wadzionera yekha mnansi wake akuchisoka mokhotakhota. Chomwe chimasanduka fano msanga ndi chinthu chochokera kutali, chonyezimira, chosadziwika wochipanga. Ndiponso Apresibeteriya a kuno ali ndi umboni wawo pakati pa mzinda wa Blantyre. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, yemwe sadaphunzire za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu akuda omwe adaumba ndi kuotcha njerwa pomwepo, naziyala m'mapatani omwe mpaka lero alendo amaima kuwayang'ana. Mpingo womwe umanyadira nyumba imeneyo sungathe kunena kuti kukongola kopangidwa ndi manja a anthu wamba n'kwachilendo pa chiphunzitso chake. Ngakhale pa masika, pomwe akhristu amaunjika chimanga, nzimbe, nthochi ndi nkhuku kutsogolo, timakhala tikuchita kale chinthu chofanana ndi chomwe ndikunenachi, kungoti sitidaganizepo zochiyala mwaluso tisanayambe kugulitsa.

Za nthawi ndi ndalama sindichedwapo. Chinsalu chathu chidadya mamita anayi a nsalu, ulusi, masingano ndi nsungwi imodzi yodula kudimba, ndipo mphakati uliwonse udatsalira ola limodzi kamodzi kokha m'nyengo yonse. Kubwereka nsalu zopindapinda, maliboni ndi mabaluni kwa tsiku limodzi la Pasaka kumadya zoposa pamenepo, ndipo Lolemba mwini wake amabwera kudzazitenga kupita nazo ku chinkhoswe.

Chomwe chimavuta kwenikweni ndi ulamuliro. Komiti yomwe yakhala ikukongoletsa kwa zaka khumi imamva ngati yalandidwa udindo, ndipo abusa kapena bambo mfumu amaopa chinthu chomwe sakudziwa kuti chidzatha bwanji, chifukwa ntchito ya manja ambiri siilonjeza maonekedwe ake pa tsiku loyamba. Njira yachidule yomwe atsogoleri ambiri amathawirako ndi kuipereka ntchitoyo kwa ana a Sande sukulu, kuti ikaoneka yosalongosoka anthu angoti ndi za ana. Kumeneko ndi kuipha, pakuti abambo akaona kuti ndi za ana ndi amayi, amapinda manja, ndipo chinthucho chimakathera pakhoma lakumbali pafupi ndi chitseko. Ana atengeko mbali ndithu, koma woyamba kusoka chigamba chake pamaso pa onse akhale mbusa, wotsatira akhale mkulu wa mpingo wolemekezeka uja, ngakhale agwire singano ngati khasu. A komiti yakale asachotsedwe, koma apatsidwe udindo wosunga zipangizo, kulandira zidutswa ndi kuthandiza okalamba, popeza ndi omwe amadziwa pomwe denga limadontha ndi pomwe chiswe chimadutsa. M'mipingo yomwe ili ndi miphakati kapena milaga, dongosolo lilipo kale, ndipo chomwe chikufunika ndi kungogawa masabata. Amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano akhala akusoka limodzi kwa zaka zambirimbiri, ndipo chachilendo chokha n'chakuti zosoka zawo zikaime kutsogolo m'malo mokagulitsidwa pa tebulo panja.

Nyengo ikatha, chinthucho chichotsedwe, chifukwa chikakhalitsa chimasanduka ngati kalendala ya chaka chatha yomwe palibe akuionanso. Mpingo umadziwa kale kuchita zimenezi: kanjedza yemwe timagwedeza pa Lamulungu la Kanjedza amauma, ndipo ndi yemweyo amatenthedwa kuti apereke phulusa la Lenti ya chaka chotsatira. Mumzinda wa Antigua ku Guatemala, mabanja amachezera usiku wonse m'Sabata Loyera kuyala makapeti a utuchi wopaka mitundu ndi maluwa m'misewu, akudziwa bwino lomwe kuti m'mawa mdipiti wonyamula mtanda udzaponda pomwepo ndi kufafaniza zonse. Ife tidakangana sabata ziwiri za chochita ndi chinsalu chathu. Ena ankafuna chiikidwe m'galasi, ena ankati chipindidwe chilowe m'katoni muja muli mtengo wa pulasitiki, ndipo wina adafika ponena kuti chigulitsidwe kwa alendo achizungu kuti tipeze ndalama ya malata. Pamapeto pake telala uja adachisokera nsalu ina kumbuyo kuti chilimbe, ndipo mpingo udagwirizana kuti chizifunditsidwa pabokosi pa maliro a mkhristu aliyense wa pamenepo, wolemera ndi wosauka yemwe, kuchokera kunyumba ya siwa mpaka kumanda, kenako chizichapidwa ndi kubwezedwa kutchalitchi. Agogo a kansalu kobiriwira aja adali munthu wachitatu kufunditsidwa, mvula yoyamba ya chaka chimenecho isanagwe.